Mwini mbumba pa sukulu ya ukachenjede

Loweruka pa 12 Febuluwale 2011, mphunzitsi wa maphunziro a ndale pa sukulu ya ukachenjede ya Chancellor College ku Zomba, Dr Blessings Chinsinga, adaitanidwa kukaonekera pamaso pa mkulu wa apolisi wa nthawiyo, a Peter Mukhito. Sadabe kanthu, sadamenye munthu. Mlandu wawo udali mawu amene adayankhula m'kalasi. Pofotokozera ophunzira zimene zimachititsa anthu kuukira boma, a Chinsinga adapereka chitsanzo cha maiko a Tunisia ndi Egypt, kumene anthu adali m'misewu kutsutsa atsogoleri awo, ndipo adatchulaponso za kusowa kwa mafuta a galimoto ndi ndalama zakunja komwe kudasautsa Malawi masiku amenewo. Mawuwo adatuluka m'kalasi n'kukafika kwa apolisi.

Aphunzitsi anzawo atamva izi adaleka kulowa m'kalasi. Adapempha zinthu ziwiri: kuti mkulu wa apolisi apepese, komanso kuti boma liwatsimikizire kuti m'makalasi mwawo mulibe akazitape. Nkhani imene ikadatha ndi kalata imodzi idatenga miyezi yoposa isanu ndi itatu, ndipo nthawi yonseyo maphunziro pa Chancellor College adali ataima.

Mlimi wa ku Mchinji kapena mlangizi wa zachitukuko ku Nsanje atha kufunsa kuti mikangano ya anthu ophunzira ikumukhudza bwanji. Imamukhudza kwambiri. A Chinsinga omwewo ndi mmodzi mwa akatswiri amene adafufuza mozama pologalamu ya feteleza wa makuponi, yomwe idayamba mu 2005, pofuna kudziwa amene ankapindula nayo ndi amene ankatsalira. Alangizi a zaulimi, anamwino, aphunzitsi a kusekondale ndi akuluakulu a kwa DC ambiri amasulidwa m'sukulu zimenezi. Sukulu ikatsekedwa amachedwa kufika kumudzi. Sukulu ikazolowera mantha amafika ndithu, koma ataphunzira kukhala chete.

Mafuwa atatu

Akatswiri a kayendetsedwe ka ntchito ali ndi dzina la utsogoleri umene mkulu amadziona ngati bambo, ndipo anthu ake amawatenga ngati ana. M'chaka cha 2000, Jiing-Lih Farh ndi Bor-Shiuan Cheng, atafufuza makampani a anthu a Chitchaina, adafotokoza kuti utsogoleri wa ubambo umaima pa zinthu zitatu, monga mphika pa mafuwa. Fuwa loyamba ndi mphamvu zosatsutsika: bambo akanena, wanena. Lachiwiri ndi chifundo: bambo amadyetsa, amaveka, amathandiza pa maliro ndi pa matenda. Lachitatu ndi khalidwe: bambo amayenera kukhala chitsanzo, wosadzikundikira zabwino yekha. Kafukufuku wambiri amene adatsatira waonetsa kuti chifundo ndi khalidwe zimalimbikitsa antchito, pamene mphamvu zosatsutsika zimawatseka pakamwa. Vuto n'lakuti mafuwawa sabwera limodzilimodzi kuti munthu asankhe. Amene walandira nsima ya bambo amayembekezeredwa kulandiranso mawu awo.

Amalawi safunika kupita ku China kuti amvetse zimenezi. Adakhala nazo zaka 30.

Sukulu ya ukachenjede ya Malawi idakhazikitsidwa mu 1964, chaka chimene dziko lidalandira ufulu wodzilamulira, ndipo maphunziro adayamba mu Sepitembala 1965 ku Chichiri mumzinda wa Blantyre ndi ophunzira 90. Chansala wake, kutanthauza mkulu wa onse pa sukuluyo, adali Dr Hastings Kamuzu Banda. Chaka chomwecho cha 1964 ndi chimene Kamuzu adasemphana ndi nduna zawo, zomwe ankakonda kuzitchula kuti anyamata awo, ndipo zingapo zidathawira kunja. Choncho sukuluyi idabadwira m'nyumba momwe kuyankha bambo kudali kutayamba kale kuoneka ngati kugalukira.

Tisanamizane, bamboyo adamanga. Pasadathe zaka zambiri sukuluyi idali ndi nthambi ya zaulimi ku Bunda ndi ya ntchito zaluso ku Polytechnic. Mu 1973 Chancellor College idasamukira kumalo atsopano ku Zomba. Kamuzu College of Nursing idatsegulidwa mu 1979, ndipo College of Medicine idayamba mu 1991. Ophunzira adali ochepa, koma ankagona pasukulu, kudya pasukulu, ndipo mwana wa mlimi wosauka akakhoza bwino ankaphunzira popanda makolo ake kugulitsa ng'ombe. Zaka zambiri sukulu inkatsegulidwa pa nthawi yake ndi kutsekera pa nthawi yake. Akuluakulu amene amakumbukira masiku amenewo ndi chisangalalo sakunama, ndipo nkhani ya utsogoleri wa ubambo siyingamveke bwino ngati mbali imeneyi ibisidwa.

Kamuzu ankadzitcha Nkhoswe Nambala Wani, ndipo amayi onse a m'dziko adali mbumba yawo. Mawuwa adatengedwa kumudzi, ndipo n'chifukwa chake ankalowa m'mitima. Komatu mwini mbumba wa kumudzi si munthu wosafunsidwa. Akasowetsa mtendere alongo ake ndi ana awo, akuluakulu a banja amamukhazika pansi. Ngakhale mfumu imene, amayi a mbumba ndiwo amakhala ndi mawu pa kusankhidwa kwake, ndipo pa tsiku lolongedwa ufumu imalangizidwa pamaso pa anthu. Ili ndi nduna zoikonza ikaphotchola. Mutu ukakula sulewa nkhonya, amatero akumudzi. Unkhoswe umene udafika ku boma ndi kusukulu ya ukachenjede udatenga ulemu wa mwini mbumba n'kusiya m'mbuyo bwalo lomufunsa. M'malo mwake mudabwera ngodya zinayi za chipani cha Malawi Congress Party: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Palibe ngodya ya kufunsa pamenepo, chonsecho sukulu ya ukachenjede ntchito yake yaikulu ndi kufunsa.

Ofesi yodikira mawu ochokera kumwamba

Pa pepala, sukuluyi idali ndi mabwalo ake oyendetsera zinthu. Khonsolo inkayang'anira ndalama ndi kulemba anthu ntchito, bwalo la aphunzitsi akuluakulu linkayang'anira maphunziro, ndipo wachiwiri kwa Chansala ndiye ankayendetsa sukulu tsiku ndi tsiku. Koma mizere ya mphamvu inkathera pakhomo limodzi. Kwa zaka zambiri wapampando wa khonsolo adali a John Tembo, mmodzi mwa andale oyandikana kwambiri ndi Kamuzu komanso malume awo a Mama Cecilia Tamanda Kadzamira. Mlongo wawo wa Mama, Dr Zimani Kadzamira, adakhalapo mkulu wa Chancellor College. Udindo wa wachiwiri kwa Chansala udakhala m'manja mwa azungu, kuyambira Ian Michael mu 1964 mpaka John Dubbey, ndipo Mmalawi woyamba kuukhala, Pulofesa Brown Chimphamba, adaulandira mu 1992, patatha zaka pafupifupi 28 dziko likudzilamulira. Bambo amene amaona anthu ake ngati ana sachedwa kupeza chifukwa chonenera kuti sadakhwime.

Mmene ofesi yotere imagwirira ntchito zidaonekera poyera pamene aphunzitsi adayamba kutengedwa. M'katikati mwa zaka za m'ma 1970 ogwira ntchito angapo a pasukuluyi, ambiri mwa iwo ochokera m'chigawo cha kumpoto, adatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Mmodzi mwa iwo adali mphunzitsi ndi mlembi Felix Mnthali, amene adamangidwa mu 1976 ndipo pambuyo pake adakaphunzitsa ku Botswana. Pa 25 Sepitembala 1987 apolisi adagwira Dr Jack Mapanje, mkulu wa gawo la Chingerezi pa Chancellor College, pa Gymkhana Club ku Zomba. Buku lawo la ndakatulo, Of Chameleons and Gods, lomwe lidasindikizidwa ku London mu 1981, lidali litachotsedwa kale m'masitolo ndi m'masukulu. A Mapanje adakhala kundende ya Mikuyu zaka zitatu ndi miyezi isanu ndi iwiri, natulutsidwa mu Meyi 1991 popanda kuuzidwa pabwalo la milandu chimene adalakwa. Phokoso lalikulu lowamenyera nkhondo lidachokera kunja, kwa alembi anzawo ndi mabungwe oona za ufulu wa anthu. Sukulu imene idawalemba ntchito idalibe pakamwa poti n'kufunsira Chansala wake.

Chotsatira chake chidali kutaya anthu. Dziko losauka lidaphunzitsa ana ake mpaka ku madigiri apamwamba, kenako n'kuwapereka kwaulere ku Botswana, Britain ndi America. Otsala adaphunzira luso loyankhula mophiphiritsa, kapena losayankhula n'komwe.

Chitsanzo chimene chimaonetsa bwino kufooka kwa kayendetsedwe ka ntchito ndi cha kota. Mu 1987 boma lidalamula kuti ophunzira azisankhidwa kupita kusukulu ya ukachenjede potengera boma limene akuchokera, osati pongoona mmene akhozera mayeso. Ophunzira ena adatengera nkhaniyi kukhoti, ndipo mu 1993 bwalo lalikulu la milandu lidathetsa njirayo. Chimodzi mwa zifukwa za bwalolo n'choyenera kuchimvetsa: khonsolo ya sukuluyi idangolandira lamulo la boma n'kuyamba kuligwiritsa ntchito, osakhala pansi kuliunika ndi kupanga chiganizo chakechake monga malamulo ankafunira. Anthu amasiyana maganizo pa kota mpaka lero, ndipo mbali zonse zili ndi mfundo zake. Koma chimene khoti lidaona n'chakuti bwalo lopatsidwa udindo woganiza lidasiya kuganiza. Kotayo idabwereranso mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, ndipo boma lidalengeza kuti yathetsedwa mu 2020. Pa ulendo wonsewu mawu omaliza ankachokera kwa andale.

Zimene mlimi sadauzidwe

Kamuzu adalinso Mchikumbe Nambala Wani, ndipo kwa nthawi yaitali unduna wa zamalimidwe adausunga okha. Chaka ndi chaka ankayendera mbewu m'minda. Mawu a boma adali akuti anthu akudya bwino, akuvala bwino, akugona m'nyumba zosadontha. M'nyumba yotere kunena kuti mwana wina wagona ndi njala kumamveka ngati kunyoza bambo.

Pamenepa ndi pomwe kukhala chete kwa anthu ophunzira kudamupweteka mlimi. M'zaka za m'ma 1970 bungwe la ADMARC linkagula mbewu za alimi ang'onoang'ono pa mitengo yotsika poyerekeza ndi imene linkagulitsira, ndipo phindu lambiri lidapita kukakuza maesiteti ndi makampani akuluakulu. Fodya wa bale, yemwe adali ndi ndalama, adali wa maesiteti okha mpaka cha m'ma 1990 pamene alimi ang'onoang'ono adayamba kuloledwa kumulima. Kafukufuku wodziwika kwambiri amene adafotokoza zimenezi mosabisa, wa Jonathan Kydd ndi Robert Christiansen, adasindikizidwa kunja mu 1982. Mlimi wa ku Dowa sadaumve pa wailesi, ndipo mlangizi wake sakadayerekeza kuutchula pamsonkhano wa kalabu. Lipoti loyamba limene boma, mogwirizana ndi bungwe la United Nations, lidavomereza poyera kukula kwa umphawi m'Malawi lidatuluka mu 1993. Umphawiwo sudayambe chaka chimenecho. Chimene chidayamba ndi chilolezo chounena.

Aliyense amene adagwirapo ntchito ndi makalabu a alimi, makopaletivi kapena makomiti a chitukuko cha m'mudzi angazindikire chithunzichi. Pali wapampando amene adayambitsa gulu, amabwereketsa ndalama zake pa mavuto, ndipo anthu amamutcha bambo. Msungichuma amaona kuti mabuku sakuyenda bwino koma amachita manyazi kufunsa munthu amene adamuthandiza pa maliro a mwana wake. Palibe amene waba mwina, koma palibenso amene akudziwa mmene thumba lilili. Sukulu ya ukachenjede idadwala nthenda yomweyi, kungoti thumba lake lidali la dziko lonse.

Mantha adasweka mu Malichi 1992. Maepiskopi a mpingo wa Katolika atatulutsa kalata yawo yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi pa 8 Malichi, ophunzira a pa Chancellor College adaguba mumsewu kuwachirikiza, ndipo sukulu idatsekedwa. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 Amalawi adasankha ulamuliro wa zipani zambiri. Malamulo atsopano oyendetsera dziko a 1994, m'gawo 33, adatchula mwachindunji ufulu wophunzitsa ndi kufufuza pamodzi ndi ufulu wa chipembedzo ndi wa maganizo. Ngakhale David Rubadiri, mlembi amene adakhala kunja zaka zambiri atasemphana ndi boma la Kamuzu, adabwerera kwawo ndipo mu 2000 adakhala wachiwiri kwa Chansala.

Mpando umodzi sudasinthe. Mtsogoleri wa dziko adapitiriza kukhala Chansala: Bakili Muluzi, Bingu wa Mutharika, Joyce Banda, Peter Mutharika ndi Lazarus Chakwera, aliyense pa nthawi yake adavala mkanjowo. Maiko ena adayesa njira ina. Ku Zambia, Kenneth Kaunda adali Chansala wa University of Zambia kuyambira pachiyambi, koma atachoka m'boma mu 1991 mpandowo udapatsidwa kwa munthu amene sadali mtsogoleri wa dziko, John Mwanakatwe. Ku Kenya, Mwai Kibaki adasiya mpando wotere mu 2003 n'kusankha anthu ena kuti akhale machansala. Ku South Africa, lamulo la maphunziro apamwamba la 1997 limafotokoza njira imene boma lingalowerere sukulu ikasokonekera: nduna imatumiza munthu woima payekha kukafufuza, ndipo ngati zavuta imaika woyendetsa wongogwirizira. Izi n'zimene zidachitika ku Tshwane University of Technology mumzinda wa Pretoria mu 2011, pamene nduna Blade Nzimande adaika Pulofesa Themba Mosia kuti ayendetse sukuluyo khonsolo yake itakodwa m'mikangano. Sikuti kumeneko kulibe mavuto, alipo ambiri. Kusiyana kwake n'kwakuti njira yolowererapo idalembedwa, ndipo wodandaula akudziwa khomo loti agogode.

Miyezi ya 2011

Bingu wa Mutharika adali munthu wophunzira, ndipo adalota zomanga sukulu za ukachenjede zingapo zatsopano. Nawonso adalandira dzina la Ngwazi. Sukulu ya sayansi ndi luso imene poyamba idakonzedwa kuti imangidwe ku Lilongwe adaisamutsira ku Ndata m'boma la Thyolo, kwawo, pa malo amene adapereka okha. Idamangidwa ndi ngongole yochokera ku China ndipo idatsegulidwa mu 2014 ndi dzina la Malawi University of Science and Technology. Ndi sukulu yokongola ndipo ikuthandiza dziko. Koma kasankhidwe ka malo ake kadaonetsa maganizo akale aja, akuti sukulu ndi mphatso ya bambo, ndipo mphatso amaiika pamene wopereka wafuna.

Nkhani ya a Chinsinga itabuka, anthu ambiri adayembekezera kuti Chansala akhala mkhalapakati. Koma Chansalayo adalinso mkulu wa asilikali ndi apolisi onse, ndipo pa mipando iwiriyi adasankha wachiwiriwo. Adanena poyera kuti mkulu wa apolisi sapepesa, nalamula aphunzitsi kubwerera m'kalasi. Nduna ya zamaphunziro nthawiyo idali mng'ono wawo, Pulofesa Peter Mutharika. Khonsolo, yomwe idayenera kuima pakati pa boma ndi antchito ake, idachotsa ntchito aphunzitsi anayi: a Chinsinga, Dr Jessie Kabwila-Kapasula amene ankatsogolera bungwe la aphunzitsi, katswiri wa malamulo Dr Garton Kamchedzera, ndi a Franz Amin. Idalamulanso kuti Chancellor College ndi Polytechnic zitsekedwe, ndipo malipiro a aphunzitsi adaimitsidwa. Aphunzitsi adathamangira kukhoti n'kutenga ziletso, khonsolo nayo idalemba maloya, apolisi adathira utsi wokhetsa misozi pasukulu. Ndalama ndi nthawi zimene zikadagula mabuku zidathera m'mabwalo a milandu.

Amene adalipira kwambiri ndi ophunzira ndi makolo awo. Mwana amene mudzi wonse udamuperekeza pokwera basi adabwerera ndi chikwama chake osadziwa tsiku lobwerera kusukulu. Ena adalowa m'munda, ena adayamba maganyu m'tauni. Kalendala ya maphunziro idasokonekera, ndipo amene adasankhidwa kuti akayambe chaka choyamba adadikira kunyumba chifukwa malo awo adali asadatsegukebe. Pa zionetsero za pa 20 Julaye 2011, zimene anthu pafupifupi 20 adaphedwa, nkhani ya sukulu ya ukachenjede idali pa mndandanda wa madandaulo.

Kuchokera nthawi imeneyo nyumba yaikulu ija idagawidwa. Bunda idachoka mu 2012 n'kukhala Lilongwe University of Agriculture and Natural Resources, yomwe pambuyo pake idaphatikiza Natural Resources College, kumene alangizi ambiri a zaulimi amaphunzira. Mu Meyi 2021 Polytechnic idasanduka Malawi University of Business and Applied Sciences, makoleji a udokotala ndi unamwino adapanga Kamuzu University of Health Sciences, ndipo Chancellor College idatsala ndi dzina la University of Malawi. Cholinga chidali chakuti sukulu iliyonse izipanga ziganizo zake msanga, osadikira ofesi yaikulu ku Zomba. Ndi kusintha kwenikweni, koma kumayankha funso la mtunda pakati pa ofesi ndi ofesi. Funso limene khoti lidafunsa mu 1993, ngati khonsolo ingathe kuganiza payokha pamene mawu achokera kumwamba, silithetsedwa ndi kuchulukitsa makhonsolo.

Mkangano wa 2011 sudathe ndi chiganizo cha khonsolo, kapena cha bwalo la aphunzitsi, kapena cha makhoti amene adali atapereka kale ziletso zawo. Kumapeto kwa Okutobala, Chansala adatulutsa chikalata cholamula kuti aphunzitsi anayi aja abwerere pantchito popanda chilango, natsimikizira ufulu wophunzitsa umene malamulo a dziko adali atapereka kale zaka 17 m'mbuyomo. Khonsolo imene idawachotsa idawalandiranso. Maphunziro adayambiranso mu Novembala, mvula yoyamba itayandikira, ndipo ophunzira adapitiriza pamene adalekezera mu Febuluwale.